Momwe mungayambire mapemphero a madzulo ndi ana, osalekera panjira

Mabanja ambiri achikhristu amayamba mapemphero a pabanja mu Januwale, moto wa mapemphero a usiku wolowera chaka chatsopano ukadali m'mitima. Pofika pakati pa Febuluwale zonse zimakhala zitazilala. Ena amayambiranso kutchalitchi kukachitika chitsitsimutso, kapena m'nyumba mukagwa vuto, kenako n'kulekanso. Chimene chimapha mwambowu nthawi zambiri ndi kakonzedwe kake. Mapemphero amatalika, wolankhula amakhala mmodzi yekha, ndipo ana sachedwa kutulukira kuti mawu akuti "tiyeni tipemphere" ndi khomo lolowera ku chidzudzulo. Zonsezi zimakonzeka, ndipo sizilira kuti kholo likhale mlaliki.

Nthawi ndi malo

Mangirirani mapemphero ku chinthu chimene chimachitika kale tsiku lililonse. Deuteronomo 6:7 amatchula nthawi zinayi zophunzitsira ana mawu a Mulungu: pokhala m'nyumba, poyenda panjira, pogona ndi podzuka. Zonsezi ndi zinthu zimene banja limachita ngakhale popanda wolikumbutsa. M'makomo ambiri nthawi yabwino ndi pongotha kudya nsima ya madzulo, anthu atasamba m'manja koma mbale zisanapite kotsukira. Mukayamba musanadye, ana anjala maso amakhala pa poto, nsimanso imazizira. Mukadikira kuti mbale zitsukidwe, anyamata amakhala atabalalika, atsikana akadali kuseri ndi mapoto, wamng'ono wagona pampando. Ikadutsa 8 koloko, mwana wa sitandade 1 kapena 2 amangogwedeza mutu ndi tulo.

Kumene bambo kapena mayi amagwira ntchito ya usiku, monga alonda ndi anamwino, sankhani m'mawa pa nthawi ya phala kapena tiyi, koma mphindi zisanu zokha chifukwa ana akuthamangira kusukulu. A mpingo wa Seventh-day Adventist ali kale ndi poyambira, popeza amasonkhana Lachisanu dzuwa likamalowa kutsegulira Sabata. Chotsala n'kungowonjezera masiku ena.

Mafoni onse aikidwe pamalo amodzi, kuyambira ya bambo. Mwana akaona kholo likusuzumira uthenga pakati pa nyimbo, waphunzira kale kuti mapempherowo ndi a ana okha. Wailesi ndi TV zizimitsidwe, osangochepetsa mawu. Tsiku limene kuli mpira umene aliyense akuudikira, pempherani msanga usanayambe. Kukakamiza mnyamata kupemphera uku khutu lili kwa aneba kumene akukuwira chigoli n'kudzivuta chabe.

Khalani mozungulira, pamkeka kapena pamipando, moti aliyense aziona nkhope ya mnzake. Makolo akakhala pamwamba ana n'kundandalika pansi moyang'anana nawo, zimaoneka ngati pakuzengedwa mlandu. Tochi kapena nyali ya sola izikhala pamodzi ndi Baibulo kuti magetsi akathima musayambe kufufuza mumdima. Ngati Baibulo lanu lili mu foni, litsitsireni mu foni momwemo kuti lizitseguka popanda intaneti, ndipo muzimitse data powerenga.

Baibulo liti?

Limene ana anu akumva. Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922, ndilo makolo ambiri a ku CCAP ndi mipingo ina anakula nalo, ndipo mavesi amene ali pamtima pawo ndi a m'menemo. Chichewa chake n'chakale, ndipo m'makope akale mawu ngati "chifukwa" analembedwa "cifukwa", zimene zimapunthwitsa mwana amene wangophunzira kumene kuwerenga. Akatolika akhala ndi Malembo Oyera kuyambira 1966. Buku Loyera, la 1998, limene Akatolika ndi mipingo ina anamasulira limodzi, ndilo lopepuka kwa mwana wa ku pulayimale.

Ngati m'nyumba muli Mabaibulo awiri osiyana, powerenga mokweza gwiritsani ntchito limodzi. Chenjezani ana kuti pamene Buku Lopatulika likuti Yehova, Buku Loyera limati Chauta, ndiponso kuti Machitidwe ndi Ntchito za Atumwi ndi buku limodzi lomwelo. Poloweza mavesi tsatani Baibulo limene amagwiritsa ntchito ku Sande sukulu kapena ku Tilitonse, kuti mwana asasokonezeke akaimirira kutsogolo kwa anzake.

Mphindi khumi muzigawe chonchi

Ngati mwana wamkulu m'nyumba sanakwane zaka zisanu, mphindi zisanu zakwana. Ana a ku pulayimale, mphindi khumi. Kukakhala a ku sekondale okhaokha mungafike mphindi 15. Makolo ambiri amaona ngati izi n'zochepa kwambiri pa zinthu za Mulungu, koma feteleza wambiri pa phando limodzi amawotcha mbewu. Mphindi khumi masiku asanu pa sabata zimakwana maola oposa 40 pa chaka, pamene ola lathunthu limene lafa pakatha sabata ziwiri silifika ngakhale theka la maola amenewo. Patsani mwana mmodzi ntchito yoyang'ana wotchi, ndipo akanena kuti nthawi yakwana, mverani.

Yambani ndi nyimbo, mphindi ziwiri. Ndime imodzi kapena ziwiri za m'buku la nyimbo la mpingo wanu, monga Nyimbo za Mulungu, kapena kolasi imene ana amaimba kutchalitchi. Imbani nyimbo yomweyo sabata yonse kuti pofika Lachisanu wamng'ono akhale atayigwira. Woyambitsa akhale mayi kapena mwana, chifukwa abambo ambiri amayambira pansi kwambiri moti ana amalephera kutsatira n'kungokhala chete.

Kenako kuwerenga, mphindi zitatu, mavesi pakati pa 8 ndi 15. Kholo liwerenge ndimeyo palokha masana, ngakhale pa nthawi yopuma ku ntchito kapena pobwera kumunda, kuti lidziwe zimene zili m'menemo. Mwana wa sitandade 3 kupita m'tsogolo apatsidwe mavesi awiri kapena atatu. Muuzeniretu mayina ovuta ngati Kapernao ndi Zebedayo asanayambe. Akaphonya liwu musamudule pokhapokha tanthauzo litasintha, ndipo akuluake aletsedwe kumuseka. Mwana amene wasekedwa kawiri powerenga Baibulo amayamba kudwala mutu nthawi ya mapemphero ikamayandikira.

Kwa ana osadziwa kuwerenga, fotokozaninso nkhaniyo m'mawu anuanu. Apa agogo, ngati muli nawo pakhomo, amaposa aliyense, chifukwa luso losintha mawu ndi kuchititsa ana kuvomera analiphunzira pa nthano. Komabe Baibulo likhale lotsegula m'manja mwawo, ndipo asayambe ndi "padangokhala", kuti mwana asaike Davide ndi Goliati m'thumba limodzi ndi Kalulu ndi Fisi.

Mphindi zotsalazo ndi za kukambirana ndi kupemphera, ndipo apa ndi pamene zambiri zimalakwika.

Muwerenge chiyani

Musayambire pa Genesis 1 ndi cholinga chofika ku Chivumbulutso. Genesis ali ndi mitu 50, Eksodo 40, ndipo banja limene lapirira mpaka pamenepo limakafera mu Levitiko, pakati pa malamulo a nsembe ndi a khate. Musatsegulenso Baibulo mwachisawawa n'kuwerenga pamene chala chagwera, chifukwa tsiku lina chidzagwera pa nkhani imene simungathe kuifotokozera mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi.

Yambani ndi Marko. Ndi Uthenga Wabwino waufupi pa onse anayi, mitu 16, ndipo nkhani zake zimayenda mofulumira: namondwe panyanja, mwana wa Yairo, mikate isanu ndi nsomba ziwiri, Bartimeyo wakhungu. Pa mavesi 12 usiku uliwonse, masiku asanu pa sabata, mumamaliza m'miyezi pafupifupi itatu. Mukatha Marko tengani mafanizo a mu Luka, monga Msamariya wachifundo pa 10:25-37 ndi mutu 15 wonse, umene uli ndi nkhosa yotayika, ndalama yotayika ndi mwana wolowerera. Nkhani ya Yosefe, kuyambira Genesis 37 mpaka 50, imagwira ana kwambiri chifukwa nsanje ya pachibale amaidziwa bwino. Rute ndi Yona ali ndi mitu inayi aliyense, sabata imodzi kapena ziwiri basi. Palinso Samueli ali mwana pa 1 Samueli 1 mpaka 3, ndi Danieli 1, 3 ndi 6.

Pali mitu yofunika kuidumpha ana akadali aang'ono: Genesis 19, 34 ndi 38, komanso Oweruza 19. Genesis 39, nkhani ya mkazi wa Potifara, ndi Marko 6:14-29, imfa ya Yohane Mbatizi, mungazifotokoze mwachidule m'mawu anu. Achinyamata okhaokha angawerenge Miyambo motsata tsiku la mwezi, popeza mitu yake ndi 31, koma asankhe mavesi awiri kapena atatu oti mukambirane, chifukwa mutu wathunthu wa miyambi umangodutsa m'makutu. Pa 5 ndi pa 7 kholo likhale lokonzeka, mitu imeneyo imakamba za chigololo mosabisa.

Ikani kapepala pamene mwalekezera. Zikuoneka zazing'ono, koma mkangano wa "dzulo tinalekera pati" umadya mphindi zitatu mwa khumi zija.

Kafunsidwe ka mafunso

Funso loyankhidwa ndi "eee" silithandiza. Mukafunsa kuti "Yesu amatikonda eti?" ana onse avomera limodzi, maganizo ali kwina. Mafunso atatu awa amagwira pa nkhani iliyonse: chachitika n'chiyani, chakudabwitsa kapena chakuvuta n'chiti, nanga mawa tingachite chiyani ife. Mwachitsanzo, pa nkhani ya Zakeyu pa Luka 19:1-10, wamng'ono mungamufunse chimene Zakeyu anakwerera mumtengo. Wapakati mufunseni chifukwa chimene anthu anang'ung'udzira Yesu atalowa m'nyumba mwake. Wamkulu mufunseni ngati m'kalasi mwake muli wina amene anzake safuna kukhala naye pa nthawi yopuma, ndi chimene chingachitike iye atakakhala naye.

Yambani ndi wamng'ono nthawi zonse. Wamkulu akayamba kuyankha, ang'ono amangobwereza zomwezo. Mukafunsa, werengani chamumtima mpaka khumi musanalankhulenso. Makolo ambiri amaopa kachetechete, amadziyankha okha, ndipo pakatha sabata ana amadziwa kuti akangodikira pang'ono bambo ayankha. Yankho likakhala lolakwika musanene kuti "wanama". Nenani kuti "tationanso vesi 8", mwanayo apeze yekha. Akafunsa chimene simukuchidziwa, vomerani, chilembeni, ndipo mukafunse abusa, akatekisiti kapena mkulu wa mpingo Lamulungu. Yankho lake mubwere nalo ndithu, chifukwa mwana saiwala lonjezo lotere.

Vesi loloweza likhale limodzi pa sabata, lalifupi, lonenedwa pamodzi tsiku lililonse musanayambe kuwerenga. Salimo 23:1, Salimo 56:3 ndi Aefeso 4:32 ndi oyambira abwino. Salimo 4:8 ndi la pogona. Mwana akalephera kuloweza, asamenyedwe kapena kumanidwa ndiwo. Mubwerezenso sabata yotsatira.

Kuphunzitsa mwana kupemphera

Mwana akauzidwa kuti "tipempherere" popanda pomugwiritsa, amachita chimodzi mwa ziwiri: amangoti zii, kapena amatsanzira alaliki a pa wailesi, mawu okweza ndi "m'dzina la Yesu" pa mpweya uliwonse. Mupatseni poyambira patatu: "Zikomo Mulungu chifukwa cha...", "Mundikhululukire chifukwa...", ndi "Thandizani...". Aliyense anene chiganizo chimodzi, mozungulira. Wa zaka zitatu abwereze pambuyo pa mayi mawu anayi kapena asanu. Chiganizo cha kulapa chisakakamizidwe kunenedwa mokweza. Siyani kamphindi koti aliyense anene chamumtima.

Pemphero la kholo lisapitirire mphindi imodzi, ndipo likhale m'Chichewa chomwe mumalankhula masana. Tchulani zinthu zenizeni ndi mayina ake: mvula imene yadula chimanga chikumasula, mwendo wa agogo, mayeso a sitandade 8, ulendo wa amalume. Za ndalama tchulani mosamala. Kunena kuti "Atate, mukudziwa kuti tikufuna fizi ndi lendi, tithandizeni" n'kokwanira. Kutchula kuchuluka kwa ngongole ndi kulira pamaso pa mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri kumamusenzetsa katundu amene sangamuthe, ndipo ana ena amasiya kupempha ngakhale pensulo poopa kuvutitsa makolo.

Gulani kope la sukulu wamba. Tsamba lililonse ligawidwe patatu: tsiku, chimene tapempha, chimene chachitika. Wolemba akhale mwana. Kumapeto kwa mwezi werengani zonse, zoyankhidwa ndi zosayankhidwa zomwe, osabisa.

Tsekani ndi mawu amodzimodzi tsiku lililonse, Pemphero la Ambuye la pa Mateyu 6:9-13 kapena Chisomo cha kumapeto kwa 2 Akorinto 13, kuti ngakhale wamng'ono adziwe kuti tafika kumapeto. Mabanja achikatolika amene amapemphera Korona mu Meyi ndi mu Okutobala angachite chigawo chimodzi chokha, Tikuoneni Maria khumi, ana akadali aang'ono, akuluakulu n'kudzamaliza zigawo zinazo ana atagona.

Mapemphero asasanduke bwalo la milandu

Ichi ndicho chimapha mapemphero a pabanja kuposa china chilichonse, ndipo makolo amene amachichita nthawi zambiri sadziwa kuti akuchichita. Chimamveka chonchi: "Ambuye, mukudziwa kuti m'nyumba muno muli wina amene watapa shuga lero. Mumukhudze mtima." Aliyense akudziwa amene akunenedwa. Mwanayo sangadziteteze chifukwa maso ndi otsinzina ndipo mawuwo akupita kwa Mulungu. Chimene amatolapo n'chakuti Mulungu ali mbali ya makolo pa mlandu uliwonse, ndiponso kuti pemphero ndi chida chochititsira munthu manyazi.

Mlandu wa shuga uthe nsima isanafike, kapena udikire mawa, ndipo ukambidwe pambali ndi mwini wake yekha. Musasankhenso vesi lolasa munthu. Tsiku limene mwana wachita mwano si tsiku lotsegula Aefeso 6:1, pamene ana akuuzidwa kuti azimvera makolo awo. Pitirizani pamene pali kapepala kaja. Mukadzafika pa Aefeso 6 mwa dongosolo lake, werengani mpaka vesi 4, pamene atate akuuzidwa kuti asakwiyitse ana awo. Akolose 3:20-21 amaikanso ziwirizi pamodzi, n'kuwonjeza chifukwa chake: kuti ana angataye mtima. Kugwaditsa mwana kuti apemphere ngati chilango, kapena kumulembetsa salimo chifukwa walakwa, kumamuphunzitsa kuti Baibulo ndi mkwapulo. Mawu ngati "Mulungu akulanga" ndi "ukapsa kumoto" asatuluke pakamwa pa kholo lokwiya. Mwana wa zaka zinayi amawatenga monga momwe amvekera, ndipo amagona nawo.

Tsono pali mbali imene makolo ambiri amaizemba. Kwathu kuno wamkulu kupepesa mwana kumaoneka ngati kudzitsitsa. Koma mwana amene tsiku lililonse amanena kuti "mutikhululukire zochimwa zathu", osaonapo wamkulu aliyense akuvomera kulakwa, amaganiza kuti kulapa ndi kwa ana ndi anthu ofooka. Ngati mwamukalipira mopyola muyeso, mwamumenya muli ndi mkwiyo, kapena mwamunamizira chinthu chimene sanachite, konzani mapemphero asanayambe. Muitanireni pambali, khalani pansi kuti maso alingane, tchulani chimene mwalakwa mwachindunji: "Ndinakunena kuti ndiwe chitsiru pamaso pa anzako. Ndinalakwa. Undikhululukire." Musawonjezere "koma nawenso", chifukwa "koma" ameneyo amafafaniza zonse. Lamulo limene mwanayo anaswa likhalebe, ndipo ngati pali ntchito imene anapatsidwa ngati chilango aigwirebe. Chimene mukupepesa ndi mawu anu ndi dzanja lanu. Musamukakamize kuyankha pompo. Ana ena amangogwedeza mutu n'kudzayandikira okha mawa lake.

Bambo ndi mayi akayambana, ana amadziwa ngakhale pasakhale wowauza. Tsiku lotero musalumphe mapemphero, koma musapemphererane mokuluwika. Werengani salimo lalifupi, monga 121, nenani Pemphero la Ambuye, mubalalike. Aefeso 4:26 amati dzuwa lisalowe muli chikwiyire, ndipo zotsalazo mukazithere kuchipinda.

Mafunso olemera

Pakhomo pakagwa maliro, mwana wamng'ono musamuuze kuti agogo "agona" kapena "apita ulendo". Ena amayamba kuopa tulo, ena amadikira pamsewu. Nenani kuti amwalira, thupi lawo lasiya kugwira ntchito, sitidzawaonanso kuno, ndipo tili ndi chiyembekezo cha kuuka kwa akufa. Mawu akuti "Mulungu wawatenga chifukwa amawakonda" amachititsa mwana kuopa kukondedwa ndi Mulungu. Yohane 11 ndi wothandiza masiku otere, chifukwa pa vesi 35 Yesu mwini akulira pa imfa ya bwenzi lake, ndipo mwana amaona kuti kulira si kusakhulupirira.

Kope lija lidzakhala ndi mizere imene sinayankhidwe monga munapemphera. Mwana akafunsa, musamuuze kuti chikhulupiriro chake chinachepa. Muonetseni Paulo pa 2 Akorinto 12:7-9, amene anapempha katatu kuti minga ichoke koma sinachoke, ndi Yesu ku Getsemane pa Marko 14:36. Kunena kuti "sindikudziwa chifukwa chake, koma tipitiriza kumuuza Mulungu" ndi yankho loona, ndipo mwana amalilandira bwino kuposa chifukwa chopeka.

Mwana akatentha thupi, pempherani muli m'njira yopita kuchipatala. Malungo mwa mwana wosakwana zaka zisanu amatha kufika poipa m'tsiku limodzi, ndipo kudikira kuti kuche kuti abwere wodzamupempherera kwatayitsa miyoyo. Mankhwala amene achipatala apereka amalizidwe onse, ngakhale mwana aoneke kuti wachira atapemphereredwa.

Mantha a usiku ndi nkhani za ufiti zimafika m'nyumba kudzera kwa anzawo a kusukulu ndi mafilimu. Mverani mwanayo mpaka amalize, musamuseke, nenani naye Salimo 4:8 kapena 121, musiyireni kuwala pang'ono. Pewani mapemphero okuwa othamangitsa ziwanda pamutu pa mwana amene walota zoopsa, chifukwa amangomutsimikizira kuti m'chipindamo mulidi chinthu. Ndipo musalole munthu aliyense, ngakhale wodzitcha mneneri, kunena kuti mwana wa m'nyumba mwanu ndi mfiti, kapena kumuumiriza kutchula amene "amamuphunzitsa". Mwana woopsezedwa amavomera chilichonse, ndipo amene amatchulidwa kawirikawiri ndi agogo okalamba. Lamulo la ku Malawi la Witchcraft Act, la 1911, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Mwana amene akukodza pogona, kulankhula kutulo kapena kusintha khalidwe mwadzidzidzi afunika kumufunsa modekha ngati wina akumuzunza, ndi kupita naye kuchipatala.

Achinyamata, alendo ndi mabanja a mipingo iwiri

Wa fomu 2 amene wayamba kukhala chete pa mapemphero asakakamizidwe kupemphera mokweza. Mupatseni tsiku lake pa sabata loti atsogolere: asankhe nyimbo, agawe mavesi, afunse mafunso, makolo ayankhe ngati ena onse osalanda chiwongolero. Akafuna kuwerenga m'Baibulo la Chingerezi, mloleni, kenako afotokozere ang'ono ake m'Chichewa. Akanena kuti akukayika ngati Mulungu alipo, musaitane abusa usiku womwewo. Mufunseni chimene chamufikitsa pamenepo, ndipo tsiku lina muwerenge naye za Tomasi pa Yohane 20:24-29, kapena za bambo uja wa pa Marko 9:24 amene anati akukhulupirira koma athandizidwe kusakhulupirira kwake. Nyengo ya mayeso a MSCE fupikitsani mapemphero, musamuchotsemo.

Mtsikana wantchito kapena mwana wa m'bale amene mukumusunga asamatsuke mapoto ena akupemphera. Ana amaona kusiyanitsa kumeneko ndipo amakuphunzira msanga kuposa vesi lililonse. Aitanidwe, apatsidwe vesi lake lowerenga. Ngati ndi wa chipembedzo china, monga Msilamu, auzidwe kuti ali ndi ufulu kukhala nawo kapena kupuma, ndipo mphindi zimenezo zisakhale zomuwonjezera ntchito.

Kumene bambo ndi Mkatolika mayi ndi wa CCAP kapena wa Pentekosite, gwirani zimene nonse mumavomereza: Uthenga Wabwino, Masalimo, Pemphero la Ambuye. Nyimbo muzisinthana sabata ndi sabata. Za ubatizo, Maria ndi tsiku lopembedza makolo agwirizane kuchipinda momwe adzayankhire, asanafunsidwe. Kumene bambo safuna nawo, mayi apitirize ndi ana popanda kuwanyoza kapena kuwapempherera mowatchula ngati wotayika ana akumva. Timoteo chikhulupiriro anachitengera kwa agogo ake a Loisi ndi amayi ake a Yunike, monga akunenera 2 Timoteo 1:5.

Kholo limene lili ku Joni lingatenge nawo mbali mosavuta, chifukwa nthawi ya ku South Africa ndi ya ku Malawi ndi imodzi. Kuimba kwa vidiyo kumadya data ndipo kumadukaduka, choncho uthenga wa mawu wa pa WhatsApp wa mphindi imodzi, wowerenga vesi la sabatayo ndi kutchula mwana aliyense dzina, umagwira bwino ntchito. Utumizidwe masana, kunyumba autsegule nthawi ya mapemphero. Amene ali ku Britain akumbukire kuti iwo ali m'mbuyo ndi ola limodzi m'miyezi yawo yotentha, ndi maola awiri m'miyezi yozizira.

Mukadumpha masiku, ndi sabata yoyamba

Lingani masiku asanu pa sabata, osati asanu ndi awiri. Kudzabwera alendo, maliro, nyengo yokolola pamene aliyense amafika ali wofooka. Masiku otere chitani chachidule: vesi la sabata ndi Pemphero la Ambuye, mphindi ziwiri, ngakhale choimirira. Mukadumpha sabata yathunthu musayese kubweza powerenga mitu itatu usiku umodzi, ndipo musayambe ndi kudandaula kuti banja lino lazirala. Tsegulani pa kapepala, pitirizani.

Sabata yoyamba ingayende chonchi. Lolemba Marko 1:1-13, Yohane Mbatizi ndi ubatizo wa Yesu. Ana amakonda kumva kuti Yohane ankadya dzombe ndi uchi, ndipo mungawafunse ngati iwo angadye. Lachiwiri 1:14-20, asodzi anayi asiya makoka awo. Funsani kuti Zebedayo anamva bwanji ana ake atamusiya m'ngalawa ndi antchito. Lachitatu 1:21-34 ndi yotalikirapo, choncho ngati ana ndi aang'ono yambirani pa vesi 29, pamene apongozi ake a Simoni akudwala malungo. Lachinayi 1:35-45, Yesu apita kukapemphera mbandakucha, kenako akhudza wakhate amene anthu onse ankamuthawa. Lachisanu 2:1-12, anthu anayi aboola denga kuti atsitse mnzawo wofa ziwalo. Pa imeneyi siyani mphindi ziwiri zapadera, chifukwa pafupifupi nthawi zonse pamapezeka mwana wofuna kudziwa kuti dengalo analikonza ndani.